Njinga zamoto zopanda mabuleki pa bwalo la matabwa, mpikisano umene unkadya anthu ku America

Pali njinga zamoto zina zakalekale zoti ukaziona pachithunzi umayamba waganiza kuti ndi njinga yakapalasa imene wina wangoimangirira injini. Matayala owonda, kampando kakang'ono kachikopa, thanki yaitali yopyapyala itapanikizika pakati pa zitsulo za felemu, ndiye zogwirira zija m'malo moloza m'mwamba zinapindikira pansi moti wokwerayo ankachita kugona chafufumimba pathanki, chibwano pafupifupi kugunda chitsulo. Ndi zokongola ndithu, ine ndimatha kuziyang'ana nthawi yaitali osatopa. Koma mukayang'anitsitsa kutayala lakutsogolo, kenako lakumbuyo, mupeza kuti mabuleki palibe. Sanachite kugwa kapena kutha ayi, ku fakitale komweko sanaikepo n'komwe. Ndipo anyamata ankathamanga nazo liwiro la makilomita 150 mpaka 160 pa ola, phewa ndi phewa, pamwamba pa matabwa oterera ndi oyilo.

Mpikisano umenewu eni ake ankautcha board track racing, kutanthauza kuti mpikisano wa pa bwalo la matabwa, ndipo unagwira mtima anthu a ku America kuyambira cha m'ma 1909 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Chimene chimandikhudza ine pa nkhaniyi ndi choti imfa zimene zinkachitika kumeneko sizinali zodzidzimutsa, aliyense woona bwalolo ndi njingazo ankatha kudziwiratu kuti tsiku lina kugwa maliro, koma poti zipata zinkadzaza ndipo njinga zinkagulidwa, zinthu zinangopitirira choncho.

Gwero lake ndi njinga yakapalasa. M'zaka za m'ma 1890 mpikisano wa njinga zakapalasa unali masewera aakulu kwambiri ku America ndi ku Ulaya, ankapikisana pa mabwalo ozungulira a matabwa otchedwa velodrome. Ndiye panali luso lina loti munthu wopalasa akakhala kumbuyo kwa chinthu chomutchingira mphepo amathamanga kwambiri, choncho anayamba kupanga njinga zokhala ndi injini zoti zizitsogola, wopalasa azitsatira pambuyo. Injini zake zinali zovutavuta, kuzima pakati pa mpikisano, koma panali mmisiri wina wochokera ku Sweden dzina lake Oscar Hedstrom amene zake zinkayenda bwino. George Hendee, amene naye anali katswiri wopalasa njinga kenako n'kuyamba kupanga njinga, anaona zimenezo nagwirizana naye, mu 1901 ku Springfield, Massachusetts anayamba kupanga njinga zamoto zotchedwa Indian. Sipanatenge nthawi kuti eni mabwalo aone kuti anthu akusangalala kwambiri ndi chiphokoso ndi liwiro la zotsogolera zija kuposa opalasawo, basi otsogolera aja anayamba kupikisana okhaokha.

Munthu amene dzina lake silisowa pa nkhaniyi ndi Jack Prince, mzungu wa ku England amene anabwera ku America ngati wopikisana pa njinga yakapalasa n'kuthera pa ntchito yomanga mabwalo. Mu 1909 anamanga bwalo la njinga zamoto ku Los Angeles, ndipo mu 1910 anamanga lina lalikulu ku Playa del Rey kufupi ndi nyanja, lozungulira ngati mbale, kutalika kwake mailo imodzi, amene ndi makilomita 1.6. Mwina mufunsa kuti bwanji matabwa, phula linalibe? Nthawi imeneyo misewu yambiri inali yafumbi, luso lothira phula loti lipirire liwiro lotere linali lisanakhwime, konkire inali yodula, pomwe mitengo ku America inali mbwee ndipo akalipentala anali osasowa. Ankatenga matabwa a paini a mainchesi 2 kwa 4, kuwaimika chammbali n'kuwakhomera limodzi limodzi mothinana, misomali yokha inkapita matani, ndipo pa masabata ochepa bwalo latha, ayamba kudulitsa matikiti. Posakhalitsa timabwalo tating'ono totchedwa motordrome tinabuka m'mizinda yambiri, Chicago, Philadelphia, Cleveland, St. Louis, Denver, Brighton Beach ku New York, Newark, ambiri mwa iwo pafupi ndi malo achisangalalo komwe mabanja ankapita kukapitidwa mphepo, ndipo ankapikisana ngakhale usiku magetsi akuwala.

Timabwalo tating'onoti ndi timene tinali toopsa zedi. Ena kuzungulira kwake kunali kota ya mailo basi, mamita 400 okha, ndiye kuti njinga izitha kukhota pa liwiro lalikulu pa malo ochepa chonchi, ankapendeketsa matabwawo ngati khoma la beseni, madigiri 45, 50, ena mpaka 60. Madigiri 60 munthu sungakwere wapansi, umachita kukwawa ndi manja ndipo umatsetsereka basi. Kuti mumvetse mmene njinga inkamatirira pamenepo, kumbukirani muli ana mutatenga kachitini ka madzi n'kumakazunguza ndi mkono mofulumira, madzi satayika ngakhale kachitini kali chadodolido, koma ukangochepetsa liwiro madzi onse ali pamutu pako. N'chimodzimodzi apa. Liwiro ndi limene linkakanikizira njinga ndi mwini wake kumatabwa, ndiye kuchepetsa liwiro uli pamwamba pa khoma kunali kuitana ngozi, umatsetserekera pansi n'kupingasa anzako amene akubwera pambuyo. Pa makilomita 145 pa ola, bwalo la mamita 400 umalizungulira pa masekondi 10 okha. Tangoganizani, masekondi 10 wabwerera pomwe unayambira, mutu ukulemera, magazi akuthawira kumiyendo, utsi uli tolo, ndipo kutsogolo ndi kumbali kwako kuli anzako anayi kapena asanu.

Tsono njingayo. Zambiri zinali za injini ya masilinda awiri oima ngati chilembo V, kukula kwake 1000cc. Chilichonse cholemera chimene sichiwonjezera liwiro ankachotsa, ndiye kunalibe mabuleki, kunalibe magiya, zambiri zinalibe ngakhale kilatchi, tcheni chinkangochoka ku injini kupita kutayala basi, injini ikalira tayala likuzungulira. Poyamba mpikisano ankachita kuzikankha kapena kuzikoka ndi chingwe mpaka injini igwire. Pa nkhani ya mabuleki okwerawo anali ndi maganizo awo oti pa khoma lotere, mutathithikana choncho, munthu mmodzi kungogwira buleki ndiye kuti onse a pambuyo pake amuwomba, ndipo m'menemo munali choonadi ndithu, kungoti zinatanthauzanso kuti chinthu chikalakwika panalibe chochita. Zambiri mafuta ankangowatsegula mpaka kumapeto n'kuwasiya choncho, ukafuna kuchepetsako liwiro unkadina kabatani kodula moto wa kumapulagi, injini izime kamphindi, ukasiya kabatani ibwererenso ndi ukali wake wonse. Ndiye kuyendetsa kwake kunali kumeneko, kuyatsa ndi kuzimitsa.

Oyilo ndiye anali mdani wina. Injini za masiku ano oyilo amazungulira mkati n'kubwerera, koma za nthawi imeneyo oyilo ankangolowa, kugwira ntchito yake, kenako kutuluka, wina kupsa wina kudontha. Wokwera ankachita kupopa ndi dzanja kuti awonjezere ali pa liwiro. Mapaipi a utsi anali afupiafupi, ena ankaboola timabowo m'masilinda kuti utsi uzituluka msanga, moto n'kumaoneka lawilawi usiku, ndipo oyilo yense uja ankathera m'magalasi a amene ali pambuyo ndi pamatabwa. Matabwa a paini onyowa ndi oyilo, matayala owonda ngati chala chachikulu cha kuphazi kuwirikiza kawiri, opopedwa mpaka gwaa, amene nthawi zina ankaphulika kapena kuvuka pa limu. Mpikisano ukamafika kumapeto bwalo linkakhala loterera kuposa mmene linalili poyamba, pomwenso aliyense akulimbikira kuti apambane.

Zovala zake mukaziona mumagwidwa chisoni. Juzi yaubweya yolembedwa dzina la kampani pachifuwa, buluku, zikopa zokulunga m'miyendo, magalasi, ndi kachipewa kachikopa kofewa kamene ntchito yake kwenikweni inali kutchinga mphepo m'makutu. Munthu akagwa pa liwiro limenelo ankakhwekhwereka pamatabwa mamita ambirimbiri, ndipo matabwa oti agwa mvula, awombedwa ndi dzuwa, apondedwa ndi matayala, amatulutsa zisonga, zina zazitali ngati dzanja, zimene zinkabaya juzi ija n'kulowa m'thupi. Amene wazulapo kachisonga kamodzi ka thabwa pansi pa chikhadabo akudziwa ululu wake, tsono awa zinkakhala msana wonse, ntchafu, manja, madokotala n'kumazula chimodzichimodzi. Ndipo kumbukirani kuti mankhwala opha tizilombo a penicillin kunalibe, anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zipatala m'ma 1940, ndiye munthu ankatha kupulumuka pa ngoziyo bwinobwino n'kudzafa patapita masabata chifukwa bala lalowa tizilombo.

Koma cholakwika chachikulu, mmene ndikuonera ine, chinali pomwe ankakhazika anthu oonerera. Mipando inali pamwamba pa khoma, kumlomo kwa beseni lija, anthu n'kumasuzumira pansi, pakati pawo ndi njinga pali kampanda kamatabwa kapena waya basi. Tsono mphamvu ija imene imakanikizira njinga kukhoma, njinga ikalephera kuwongoleka imaikankhira kunja ndi kumwamba, ndendende kumene kuli anthu. Ndipo amene ankakonda kukhala kutsogolo, mitu ili kunja kwa mpanda kuti amve mphepo ya njinga ikamadutsa, anali ana achinyamata.

Makampani ankadziwa zonsezi koma mpikisano unali malonda. Njinga imene yapambana Loweruka ndi imene anthu ankaifunsa m'sitolo sabata yotsatira, ndiye Indian, Excelsior ya ku Chicago imene inagulidwa ndi Ignaz Schwinn wopanga njinga zakapalasa, Flying Merkel yamtundu wa lalanje, Thor, Cyclone yachikasu ya ku St. Paul, Minnesota, onsewa ankalimbirana okwera abwino ndi injini zaukali. Mu 1911 Indian inatulutsa injini ya ma valve 8, timazitseko tolowetsa mafuta ndi kutulutsa utsi, anayi pa silinda iliyonse, yopangidwira mpikisano basi. Pa 30 December 1912 Lee Humiston atakwera Excelsior ku Playa del Rey anazungulira mailo imodzi pa masekondi 36, amene ndi mamailo 100 pa ola, makilomita 160, pa nthawi imene anthu ambiri m'dzikomo ankayendabe pa ngolo za mahatchi. Injini zinkakula mphamvu chaka ndi chaka pomwe matayala, matabwa ndi zipewa zinali zomwe zija.

Katswiri woyamba kutchuka kwambiri anali Jake DeRosier, wobadwira ku Quebec m'dziko la Canada, kamunthu kochepa thupi kamene kanayamba ngati wotsogolera opalasa njinga. Anapambana mipikisano yosawerengeka atakwera Indian, mu 1911 anawoloka nyanja kupita ku England komwe pa bwalo la Brooklands anagonjetsa katswiri wa kumeneko Charlie Collier kawiri pa mipikisano itatu. Atabwerera kwawo anasemphana ndi a Indian n'kupita ku Excelsior, ndipo mu March 1912 ku Los Angeles anachita ngozi yoopsa akupikisana ndi Charles Balke, mwendo unathyoka koipa. Anamuchita maopaleshoni kangapo, chaka chathunthu akuvutika, ndalama zikutha, mpaka anamwalira mu February 1913.

Tsiku limene linasintha maganizo a anthu ambiri linali Lamulungu pa 8 September 1912, ku Vailsburg motordrome mumzinda wa Newark, New Jersey, bwalo loti linali litangotsegulidwa chaka chomwecho. Eddie Hasha, mnyamata wa ku Waco, Texas, amene ankamutcha Texas Cyclone, namondwe wa ku Texas, anali pa Indian ya ma valve 8 ija. Mpikisano uli mkati injini yake inayamba kudumphadumpha, Ray Seymour anamupitirira, ndiye Hasha anatsitsa dzanja limodzi kuti akonze ali pa liwiro. Injini inagwira mwadzidzidzi ndi mphamvu zonse, njinga inakwera khoma molunjika kumlomo pa liwiro la pafupifupi makilomita 145 pa ola, n'kuyenda motsatira mpanda uja pomwe panali mitu ya ana osuzumira. Kenako inawomba nsanamira, Hasha anaponyedwa m'khamu la anthu n'kufera pomwepo, ndipo njinga yopanda mwini ija inatsetserekera pansi m'bwalo n'kukumana ndi Johnny Albright amene ankabwera pambuyo, nayenso sanapulumuke. Onse pamodzi anafa anthu 8, okwera awiri ndi oonerera 6, ambiri mwa iwo achinyamata amene anangochoka kunyumba masana a Lamulungu kukaonera njinga. Nkhaniyi inali patsamba loyamba la New York Times, bwalo la Newark linatsekedwa osatsegulidwanso, ndipo manyuzipepa anayamba kusintha dzina lija motordrome n'kumalemba kuti murderdrome, kunena kuti bwalo lophera anthu.

Mungaganize kuti apa ndiye zinatha, koma ayi ndithu, chaka chisanathe zinachitikanso. Pa 30 July 1913 ku Ludlow, Kentucky, tsidya la mtsinje kuchokera ku Cincinnati, pa mpikisano wausiku, Odin Johnson anakwera khoma mpaka kumlomo n'kuwomba polo ya magetsi. Thanki inaphulika, mawaya amagetsi anaduka, petulo woyaka anawazikira pa anthu okhala m'mipando, amayi ndi ana omwe. Johnson anafa pamodzi ndi oonerera angapo, ena ambiri anapsa koopsa.

Kuchokera apo timabwalo tating'ono tija tinayamba kutsekedwa kamodzikamodzi, mizinda ina inaletsa, ndipo mu 1919 bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga zamoto linakana kuvomereza mipikisano pa mabwalo a matabwa osakwana mailo imodzi. Koma matabwa sanathe, anangokula. Kunabwera mabwalo akuluakulu a mailo imodzi, ena mailo ndi kota, ena mpaka mamailo awiri ngati la Sheepshead Bay ku Brooklyn, omangidwira makamaka magalimoto koma njinga nazo zinkapikisanapo, monga a ku Beverly Hills, Fresno, Tacoma, Altoona. Oonerera anatalikirako ndi ngozi, okwera ndiye liwiro linangowonjezeka.

Harley-Davidson ya ku Milwaukee poyamba inkakana kulowa nawo, Arthur Davidson mmodzi wa eni ake anadzudzula poyera za ma motordrome, koma kuona mmene Indian ndi Excelsior ankagulitsira ndi mbiri ya mpikisano, mu 1914 nawo analowa, atatenga mmisiri Bill Ottaway kuchokera ku Thor. Gulu lawo la okwera linafika potchedwa Wrecking Crew, gulu logumula, chifukwa cha mmene linkasesera mipikisano, ya pafumbi ndi ya pamatabwa yomwe. Mmodzi mwa iwo Ray Weishaar anali ndi kamwana ka nkhumba kamene ankakanyamula panjinga pozungulira bwalo akapambana, ndipo anthu ambiri amati dzina loti hog, kutanthauza nkhumba, limene amatchulira njinga za Harley linachokera pamenepo. Mu February 1921 ku Fresno, Otto Walker pa Harley anapambana mpikisano pa liwiro lopitirira mamailo 100 pa ola kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koyamba m'mbiri ya njinga zamoto.

Chaka chomwecho ku Beverly Hills kunachitika chinthu chimene chimaonetsa mtima wa anyamatawa. Albert Burns, amene ankamutcha Shrimp, kunena kuti kamunthu kakang'ono, chifukwa chochepa msinkhu, wokwera Indian, anapambana mpikisano woyamba, pa mpikisano wotsatira anagwa n'kukhwekhwereka pamatabwa, manja ndi mikono zodzaza zisonga. Anapita naye kokamangidwa mabala, anthu n'kumati lero zake zathera pomwepo, koma anabwerera atakulungidwa mabandeji, kubwereka njinga ya mnzake n'kulowanso m'bwalo. Anthu ankamukonda kwambiri chifukwa cha zoterezi. Patangopita miyezi inayi, mu August 1921, anafa pa mpikisano ku Toledo, Ohio, pa bwalo lafumbi, asanakwanitse zaka 25. Weishaar wa kankhumba uja naye anafera pa mpikisano ku Los Angeles mu 1924. Ukamawerenga mayina a akatswiri a nthawi imeneyo n'kuona zaka zimene anamwalira, mtima umawawa, ambiri sanaone ukalamba.

Tsono chimene chinamaliza mabwalo a matabwa kwenikweni ndi matabwa eni akewo ndi ndalama. Paini wosapakidwa mankhwala atakhala pamtetete, mvula, chipale chofewa, dzuwa, samatha zaka zambiri, pakapita zaka zitatu kapena zisanu bwalo layamba kuwola ndipo kulikonza kunkadya ndalama zoti mwina kumanga latsopano. Mabowo ankatseguka mpikisano uli mkati, ndipo akalipentala ankalowa kunsi kwa bwalo ndi hamala ndi misomali kumakhoma matabwa atsopano chapansipansi pomwe pamwamba pa mitu yawo pakudutsa magalimoto ndi njinga pa liwiro loposa makilomita 160 pa ola. Ena ankapsa ndi moto, la Playa del Rey linapsa mu 1913 osamangidwanso. Ena malo ake anakwera mtengo, la Beverly Hills linagwira ntchito kuyambira 1920 mpaka 1924 basi n'kuphwasulidwa kuti pamangidwe nyumba. Kwinaku galimoto ya Ford Model T inkatsika mtengo chaka ndi chaka moti bambo wa banja ankaona kuti bola galimoto kusiyana ndi njinga yamoto, makampani ang'onoang'ono a njinga anagwa ambiri, Cyclone ndi Flying Merkel sanafike n'komwe 1920, ndipo Harley inasiya kulipira gulu lake la mpikisano itatha 1921. Mpikisano wa njinga unabwerera pa mabwalo afumbi a mahatchi amene sawola. Mavuto a zachuma a 1929 atafika panalibenso woti n'kuika ndalama m'matabwa, Schwinn anatseka Excelsior mu 1931, ndipo Altoona, limodzi mwa mabwalo akuluakulu omaliza, linasiya mipikisano ya pamatabwa chaka chomwecho.

Lero palibe bwalo ngakhale limodzi la nthawi imeneyo limene laima, zonse zinawola, kupsa kapena kuphwasulidwa. Chotsalako chofanana nawo ndi chimgolo chachikulu chamatabwa chija chimene amayenda nacho m'zionetsero, amachitcha wall of death, khoma la imfa, pomwe munthu amazungulira ndi njinga pa khoma loima chilili anthu akusuzumira pamwamba, ndipo ambiri ochita zimenezi amakondabe njinga zakale za Indian. Njinga zenizeni za mpikisano zinatsala zochepa kwambiri poti zambiri zinaphwanyika kapena kuphwasulidwa kuti apeze zipangizo, n'chifukwa chake mtengo wake ndi woopsa, mu 2015 Cyclone yachikasu ya 1915 imene kale inali ya katswiri wa mafilimu Steve McQueen inagulidwa pa okushoni ku Las Vegas pa mtengo woposa madola 700,000. Anthu ena amapanga zatsopano motengera maonekedwe akalewo, thanki yopyapyala, zogwirira zopindikira pansi, matayala oyera, koma poti akufuna kuyenda nazo pamsewu amaikako mabuleki kutsogolo ndi kumbuyo komwe.